Makina obweza kutentha kwa mpweya: ndi nyumba ziti za ku Lilongwe zomwe zikuwafunadi?

Mwini nyumba akakhala pansi ndi wojambula mapulani, amayamba ndi kuchuluka kwa zipinda, mtundu wa malata, matailosi, kenako mpanda ndi geti. Nkhani ya mpweya imabwera mochedwa, kawirikawiri siling'i itakhomedwa kale, ndipo imabwera ngati funso limodzi: tiike ma eyakoni angati? Chonsecho eyakoni wa pakhoma uja sabweretsa mpweya watsopano ngakhale pang'ono. Amangokoka womwewo wa m'chipinda, kuuziziritsa, n'kuubwezeranso. Anthu makumi awiri akatsekeredwa mu ofesi kuyambira 8 koloko mmawa, pofika masana amakhala akupuma zomwe anzawo atulutsa, kungoti zozizira bwino. Tulo timene timagwira anthu pa msonkhano cha m'ma 2 koloko sitichokera ku nsima yokha.

Apa ndi pamene ogulitsa zipangizo amatulutsira kabuku ka makina obweza kutentha kwa mpweya, otchedwa HRV kapena ERV. Kagwiridwe kake n'kosavuta kumva. Fani imodzi imatulutsa mpweya wakale, ina imalowetsa wa panja, ndipo mipweya iwiriyi imadutsa m'bokosi limodzi moyandikana koma osasakanikirana. Kutentha kumachoka ku mpweya wofunda kupita ku wozizira kudzera m'timapepala topyapyala ta aluminiyamu kapena pulasitiki. N'chimodzimodzi mayi akamaziziritsa phala la mwana poika kapu m'beseni la madzi: phala silikhudza madzi, koma kutentha kwake kumathera m'madzimo. Nthawi yozizira, mpweya wotuluka umafunditsa wolowa. Nthawi yotentha, ngati m'nyumba muli eyakoni, wotuluka uja umaziziritsa wolowa. HRV imasinthanitsa kutentha kokha, pomwe ERV imasinthanitsanso chinyezi.

Makinawa anakulira ku maiko ozizira kwambiri. Mafuta atakwera mtengo m'zaka za m'ma 1970, akatswiri a ku Canada ndi kumpoto kwa Ulaya anayamba kumanga nyumba zomatidwa paliponse kuti kutentha kusathawe, ndipo posakhalitsa anaona kuti nyumba yotere imafuna njira ina yopumira. Nyumba yoyeserera ya Saskatchewan Conservation House, yomangidwa mumzinda wa Regina mu 1977, inali ndi makina otere. Mu 1991 ku Darmstadt, m'dziko la Germany, kunamangidwa nyumba yoyamba ya Passivhaus, mtundu wa nyumba zomatidwa bwino zosataya kutentha, ndipo muyezo wa Passivhaus umafuna makina obweza kutentha kosachepera 75 peresenti. Kumeneko panja pakhoza kukhala madigiri 5 pansi pa ziro, m'nyumba muli 21, kwa miyezi ingapo. Kutaya mpweya wofunda kumeneko ndi kutaya ndalama zooneka ndi maso. Kwathu kuno nkhani ndi ina, ndipo musanasainire koteshoni ndi bwino kuwerengera kaye.

Masamu a ku Lilongwe

Lilongwe ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,050 kuyerekeza ndi nyanja yamchere. Mu Juni ndi Julaye usiku kumazizira kufika madigiri 8 kapena 10, masana n'kukwera kufika cha m'ma 22. Mu Okutobala ndi Novembala masana kumafika m'ma 30 ndi kupitirirapo pang'ono, koma usiku kumatsika pansi pa 20. Miyezi yambiri ya chaka, mpweya wa panja masana umasiyana ndi umene munthu amaufuna m'chipinda ndi madigiri awiri, atatu kapena anayi basi. Phindu la makinawa lagona pa kusiyana kumeneku. Kukachepa, phindu limachepanso, koma mafani amadya magetsi monga mwa masiku onse.

Tiyerekeze ofesi ya anthu 40 ku City Centre. Muyezo umene akatswiri ambiri amagwiritsa ntchito, womwenso bungwe la WHO linalimbikitsa mu 2021 pa nthawi ya Covid-19, ndi malita 10 a mpweya watsopano pa sekondi kwa munthu aliyense. Ndiye kuti malita 400 pa sekondi. M'mphepete mwa nyanja yamchere, lita imodzi pa sekondi imanyamula mawati pafupifupi 1.2 pa digiri iliyonse. Kuno mpweya ndi wopepukirapo ndi 12 peresenti kapena cha pomwepo chifukwa cha kukwera kwa malo, ndiye tiwerengere 1.06. Masana a mu Okutobala, panja 32, m'kati 24, mpweya wolowawo ukubweretsa kutentha kwa makilowati 3.4. Bokosi lobweza 75 peresenti lichotsapo makilowati 2.5. Koma eyakoni wabwino amachotsa makilowati atatu a kutentha ndi kilowati imodzi ya magetsi, kotero magetsi amene mwapulumutsa ndi mawati 850 okha. Kukankha mpweya m'timipata ta bokosilo, kolowa ndi kotuluka komwe, kumawonjezera mawati 200 kapena 250 pa mafani. Otsala ndi mawati 600 kapena 650, pa maola otentha kwambiri a mwezi wotentha kwambiri.

Bwerezani masamu omwewo tsiku la mu Epulo, kusiyana kuli madigiri awiri. Mwapulumutsa mawati pafupifupi 210, mafani adya omwewo. Palibe chimene mwapeza.

Nkhani imatembenuka nthawi ya dzinja. Tengani tsiku la mu Januwale, panja madigiri 26 ndi chinyezi cha 70 peresenti, inu mukufuna 24 ndi chinyezi cha 50 peresenti. Pa kutentha kokha kusiyana ndi kochepa, sikufika kilowati imodzi. Koma kilogalamu iliyonse ya mpweya wa panjawo yanyamula magalamu 6 a madzi kuposa wa m'kati, ndipo pa malita 400 pa sekondi amenewo ndi malita oposa 9 a madzi pa ola, oti eyakoni awafinye n'kuwadonthetsa pa paipi. Kufinya madzi amenewa kumafuna makilowati oposa 6, pafupifupi kawiri mtolo wa mu Okutobala uja. HRV wamba sathandiza chilichonse pamenepa. ERV wabwino amabwezera panja theka la chinyezicho kapena kuposerapo chisanalowe n'komwe.

Maganizo anga ndi akuti ku Lilongwe, amene akugula makinawa pofuna kusunga kutentha kwa mu Juni akugula chinthu cha dziko lina. Amene ali ndi nyumba yotseka, yodzaza anthu, yoyendera eyakoni kuyambira Okutobala mpaka Epulo, ameneyo ali ndi chifukwa chomveka, ndipo ayang'ane ku ERV. Palinso phindu lina limene ambiri saliwerengera: mtolo ukachepa, mumagula eyakoni wocheperapo, ndipo jenereta nayonso imacheperapo.

Mazenera, khonde ndi fani wamba

Njira yoyamba yoti muiyerekeze ndi makinawa ndi kusagula makina alionse. Nyumba ya banja ku Area 47, Area 49 kapena ku Area 25 kawirikawiri siifuna HRV. Banja la zipinda zogona zinayi lifuna malita 50 kapena 60 pa sekondi. Usiku wa mu Juni, panja 9, m'kati 18, makina abwino asunga mawati pafupifupi 450 a kutentha. Koma nyumba zambiri kuno sizifunditsidwa ndi magetsi. Anthu amavala juzi, amafunda bulangeti lachiwiri, basi. Ndiye palibe ndalama imene makinawo akupulumutsa, pomwe iwo akudya mawati 50 usana ndi usiku, omwe ndi mayunitsi 36 pa mwezi.

Komanso nyumba zathu n'zodontha mpweya paliponse: pansi pa chitseko, m'mipata ya magalasi a mazenera a louvre, m'maventi a pamwamba pa zenera, m'mphepete mwa siling'i. Muyezo wa Passivhaus umalola kudontha kosaposa 0.6 ya mpweya wonse wa m'nyumba pa ola pamene akuyesa ndi fani yapadera ya pachitseko. Nyumba yomangidwa mwa masiku onse imadontha kangapo kuposa pamenepo. Mpweya umene walowera pansi pa chitseko sudutsa m'bokosi, ndiye peresenti ya kutentha kobwezedwa yolembedwa pa kabuku imangokhala ya papepala.

Chimene chimathandiza nyumba yotere ndi chimene amisiri akale ankachidziwa. Mazenera akhale mbali ziwiri zoyang'anizana kuti mphepo idutse. Makoma aatali ayang'ane kumpoto ndi kummwera, ndipo kumadzulo, kumene dzuwa la mu Okutobala limawomba koopsa, kukhale mazenera ochepa kapena khonde lalikulu. Denga litulukire kunja mokwanira. Pansi pa malata pakhale chotchinga kutentha, siling'i ikhale pamwamba, ndipo m'denga mukhale potulukira mpweya wotentha. Chifukwa usiku wa kuno umazizira ngakhale m'nyengo yotentha, khoma la njerwa kapena buloku limatha kuziziritsidwa usiku n'kusunga kuzizirako mpaka masana, bola pakhale timazenera ta pamwamba totetezedwa ndi zitsulo ndi gozi, toti n'kusiyidwa totsegula popanda kuopa akuba kapena udzudzu. Kumbukirani kuti gozi amachepetsa mphepo yodutsa, makamaka akagwira fumbi, ndiye zenera la gozi liyenera kukula kuposa lopanda gozi.

Njira imeneyi si ya osauka okha. Mu 2007 kunatuluka kafukufuku wa m'zipatala za ku Lima, m'dziko la Peru, woonetsa kuti kungotsegula mazenera ndi zitseko kumasintha mpweya wa m'chipinda ka 28 pa ola, ndipo m'nyumba zakale za siling'i yapamwamba ndi mazenera aakulu kumafika ka 40. Muyezo wa zipinda za odwala matenda oyenda mumpweya zoyendera makina ndi ka 12 pa ola. Malangizo a WHO a mu 2009 amati malita 60 pa sekondi kwa wodwala aliyense m'wodi wamba. Kuti makina akwanitse zimenezi pamafunika mapaipi aakulu ndi magetsi osazima. M'dziko limene TB ikadali vuto, kalasi, wodi kapena malo odikirira odwala omwe ali ndi mazenera abwino ndi otetezeka kuposa okhala ndi makina amene anasiya kugwira ntchito chaka chatha.

Mazenera ali ndi pofooka pake. Mu Seputembala ndi Okutobala fumbi ndi utsi wa tchire ndi zinyalala zimalowa momasuka. Nyumba ya m'mphepete mwa msewu wa M1 kapena pafupi ndi depoti ya ku Old Town imalowetsa phokoso ndi utsi wa galimoto. Ndipo nyumba ikakula m'lifupi, zipinda za pakati sizipeza mphepo. Akatswiri amawerengera kuti zenera la mbali imodzi limathandiza mtunda wa kawiri kapena kawiri ndi theka kutalika kwa siling'i, pomwe mazenera oyang'anizana amafika kasanu. Chipinda cha misonkhano chokhala pakati pa nyumba, chopanda zenera ngakhale limodzi, chimafuna fani zivute zitani.

Njira yachiwiri ndi fani wamba wopanda bokosi. Wotulutsa mpweya m'bafa, m'chimbudzi ndi m'khitchini ndi wotchipa, amapezeka m'mashopu a m'tauni, ndipo mmisiri wa magetsi aliyense akhoza kumusintha. Mpweya wolowa m'malo mwake umabwera wosasefedwa, kudzera paliponse pamene pali mpata. Kwa amene vuto lake ndi fumbi, ndi bwino kutembenuza: fani yolowetsa mpweya kudzera mu fyuluta, kuti m'nyumba mukhale mpweya wokankhira kunja ndipo fumbi lisalowere m'ming'alu. Ku maofesi ang'onoang'ono, mashopu, ndi nyumba zambiri za lendi za anthu ochita bwino, ine ndingaime pamenepa. Mpweya wosefedwa mwaupeza, pa mtengo wochepa, ndipo mwasiya mbali imene phindu lake kuno ndi laling'ono.

Mitundu ya mabokosi

Ngati masamu aonetsa kuti bokosi likufunika, pali mitundu ingapo, ndipo siyofanana.

Wofala kwambiri ndi wa timapepala tosanjikizana, wopanda chilichonse chozungulira m'kati. Mwa mtundu umenewu muli wa cross-flow, momwe mipweya imadutsana mopingasa, wobweza pakati pa 50 ndi 70 peresenti, ndi wa counterflow, momwe imayenda moyang'anizana, wofika 80 kapena 90 peresenti. Ogulitsa amakonda kukankhira ku counterflow chifukwa nambala yake ndi yokongola. Koma timipata take ndi tatitali, mafani amavutika kwambiri, ndipo pa kusiyana kwa madigiri asanu ndi atatu, kukwera kuchoka pa 65 kufika pa 85 peresenti mu ofesi ya anthu 40 ija kumapulumutsa mawati ochepera 250 a magetsi, mafani asanatengepo gawo lawo. Kuno funso loyamba lisakhale lakuti amabweza zingati, koma lakuti amadya mawati angati pokankha lita imodzi. Passivhaus imaika malire a 0.45 Wh (mawati 0.45 kwa ola limodzi) pa kiyubiki mita iliyonse ya mpweya, ndipo imeneyo ndi nambala yabwino kuigwira pofunsa. Sankhani mafani a mota za EC, zomwe zimadya pang'ono zikamayenda pang'onopang'ono.

ERV ya timapepala imaoneka chimodzimodzi, kusiyana kwake n'kwakuti timapepala take ndi ta pepala lokonzedwa mwapadera kapena polima yolola nthunzi ya madzi kudutsa. Makampani opanga ma eyakoni amagulitsa mabokosi otere opachika m'siling'i, monga Lossnay ya Mitsubishi Electric ndi VAM ya Daikin, ndipo amatha kulumikizidwa ndi eyakoni pa rimoti imodzi. Kawirikawiri safuna paipi yotayira madzi. Bokosi la pepala silichapidwa ndi madzi, limangopopedwa fumbi, ndipo likanyowa ndi denga lodontha latha ntchito. La polima limapirira bwino. Kwa ofesi, banki, kapena chipinda cha misonkhano, uwu ndi mtundu umene ndingayambe kuuyang'ana.

Mtundu wina ndi gudumu, lomwe akatswiri amati thermal wheel. Ndi gudumu lalikulu la aluminiyamu lokhala ndi timabowo zikwizikwi, lozungulira pang'onopang'ono, theka lili mu mpweya wotuluka, theka mu wolowa. Limabweza 70 mpaka 85 peresenti, ndipo likapakidwa mankhwala okoka chinyezi limagwira bwino ntchito ya m'dzinja ija kuposa mitundu ina. Limayenera nyumba zikuluzikulu, zofuna malita masauzande pa sekondi, za msinkhu wa holo ya misonkhano, hotela kapena shopu yaikulu ya m'mall. Ubwino wina ndi wakuti mukafuna kusiya kubweza kutentha mumangoimitsa gudumulo. Koma lili ndi lamba, mota ndi mabering'i, zonse zotha. Komanso limabwezera m'nyumba kagawo kochepa ka mpweya wakale, ngakhale litakhala ndi kachigawo kotsukira. Musalilumikize ku mpweya wa m'chimbudzi, wa mu labotale kapena wa m'wodi ya TB.

Kumalo otero kuli run-around coil: makoyilo awiri, ina m'paipi yotulutsa, ina m'paipi yolowetsa, yolumikizidwa ndi paipi ya madzi ndi kapampu. Mipweya siyandikana n'komwe, ikhoza kukhala mbali ziwiri zosiyana za denga. Imabweza pang'ono, cha m'ma 45 mpaka 65 peresenti, ya kutentha kokha, ndipo pampu nayo imadya magetsi. Pa nyengo ya Lilongwe n'kovuta kuti ibweze ndalama zake, pokhapokha pamalo otaya mpweya wochuluka wozizira maola 24, monga fiyeta ya chipatala kapena labotale. Heat pipe ili m'gulu lomwelo pa kabwezedwe, ilibe pampu, koma imafuna mapaipi awiriwo akhale moyandikana.

Womaliza ndi kakang'ono koboolera khoma, ka chipinda chimodzi. M'kati muli chidutswa cha seramiki ndi fani imene imatulutsa mpweya masekondi pafupifupi 70, kenako n'kutembenuka kulowetsa. Timayikidwa tiwiritiwiri kuti kena kakamatulutsa kena kazilowetsa. Sitifuna mapaipi, timadya mawati ochepa, totha kuyendera batire ya sola. Ndi njira yokhayo yosavuta pa nyumba yomangidwa kale, monga chipinda chogona chokhala ndi eyakoni chomwe mazenera ake satsegulidwa usiku. Koma timakankha mpweya wochepa, wokwana munthu mmodzi kapena awiri, mphepo yamphamvu ya mu Julaye imatisokoneza, ndipo fyuluta yake ndi yaing'ono pa fumbi la kuno. Yezaninso khoma musanaitanitse, poti tambiri tinapangidwira makoma onenepa a ku Ulaya, osati a buloku wa mamilimita 150.

Zimene kabuku ka wogulitsa sikanena

Chofunika kwambiri pa makina oikidwa ku Lilongwe ndi bypass, kachitseko kolambalalitsa mpweya kuti usadutse m'bokosi. Ofesi yodzaza anthu ndi makompyuta imatentha yokha ngakhale mu Meyi. Mmawa panja pali madigiri 17, m'kati muli 25, ndipo chimene mukufuna ndi mpweya woziziritsa waulerewo. Bokosi lopanda bypass liufunditsa kufika 23, kenako eyakoni ayambe kuuziziritsanso, inu mukulipira mbali zonse ziwiri. Kuno maola amene bypass iyenera kukhala yotsegula ndi ambiri zedi, kuphatikizapo usiku wa mu Okutobala pamene mafani akhoza kuziziritsa makoma ndi konkire anthu asanabwere. Funsani ngati imatseguka yokha poyeza kutentha kwa panja ndi kwa m'kati, ndiponso ngati imalambalalitsa mpweya wonse kapena gawo chabe. Zina zimene mungalipiritsidwe, monga chotenthetsera choteteza bokosi ku ayezi, n'zosafunika kuno. Zichotsedwe pa koteshoni.

Chachiwiri ndi magetsi. Namondwe wa Ana atawononga Kapichira mu Januwale 2022, dziko linataya mamegawati pafupifupi 130, ndipo kuzimazima kunatenga miyezi yambiri. Nyumba yagalasi yomatidwa, yopanda zenera lotseguka, magetsi akazima siikhalika. Ngakhale mutaika makina abwino chotani, siyani mazenera otseguka m'chipinda chilichonse chomwe chili ndi khoma la kunja. Mafani a mpweya alumikizidwe ku jenereta kapena inverter padera, poti amadya pang'ono ndipo akhoza kumayenda ngakhale ma eyakoni atazimitsidwa. Bolodi la zamagetsi la mota za EC limapsa msanga magetsi akabwera mwamphamvu, ndiye chotetezera chisaiwalike.

Chachitatu ndi mafyuluta, ndipo apa ndi pamene makina ambiri amafera. Pamafunika awiri pa mpweya wolowa: woyamba wogwira fumbi lalikulu, womwe pa muyezo wakale ankati G4, ndi wachiwiri wogwira utsi ndi fumbi losalala, wa F7. Muyezo watsopano wa ISO 16890 umalemba ePM1, ePM2.5 ndi ePM10, ndiye musadabwe mukaona zilembo zosiyana. Kabuku kakhoza kunena kuti musinthe pakatha miyezi isanu ndi umodzi, koma amene analemba sanaone Okutobala wa ku Kanengo. Fyuluta yoyamba ikhale yochapika. Yachiwiri ndi yogula kunja, ndipo kwacha itagwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, n'kugwanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, aliyense wodalira katundu woitanitsa anaona mmene mitengo imathamangira, osanenanso za kusowa kwa ndalama zakunja. Ndaonapo bokosi lokwera mtengo likuyenda popanda fyuluta chifukwa yakale inatsekeka ndipo yatsopano sinapezeke. Pakutha kwa chilimwe timipata take tinali titadzaza dothi lofiira. Gulani mafyuluta a zaka ziwiri pamodzi ndi makinawo, ndipo sankhani a kukula kofala, opezeka kwa ogulitsa angapo ku Johannesburg kapena Dar es Salaam, osati a kampani imodzi yokha.

Palinso chenjezo limodzi lomwe silikhudza ndalama. Makina amtundu uliwonse mwa awa sapangitsa mbaula kukhala yotetezeka m'chipinda chotseka. Makala amatulutsa carbon monoxide, mpweya wopanda fungo umene umapha anthu ali m'tulo, ndipo nyumba ikamatidwa bwino ngoziyo imakula. Utsi wa mafuta wa pa chitofu nawonso usalowe m'bokosi, ukhale ndi paipi yakeyake yotulukira panja.

Pa pulani

Nthawi yoganizira zonsezi ndi pamene mapulani asanapite ku Lilongwe City Council, injiniya wa zitsulo ndi konkire asanamalize kuwerengera mabimu. Malita 400 pa sekondi, oyenda mamita anayi pa sekondi kuti asachite phokoso, amafuna paipi ya mamilimita 400 kwa 250, ndipo mapaipiwo ndi awiri, wolowetsa ndi wotulutsa, penapake odutsana. Onjezerani chokutira cha mamilimita 25 kuti asatuluke thukuta m'dzinja n'kuthimbiriritsa siling'i. Ngati pakati pa bimu ndi siling'i pangotsala mamilimita 200, mmisiri adzafinya paipi kapena kubowola bimu, ndipo zonse ziwiri n'zoipa. Kukweza nsanjika iliyonse ndi mizere ingapo ya buloku pa pepala n'kotchipa kuposa kukonza pambuyo.

Polowera mpweya pasayang'ane ku jenereta, poimika galimoto, pa paipi ya septic tank kapena pa dzala la zinyalala, ndipo patalikirane ndi potulukira kuti makina asamakoke zomwe angotaya kumene. Pasakhalenso pamwamba penipeni pa malata, pomwe mpweya wa masana umatentha kuposa wa pabwalo. Pakhale waya woletsa mbalame, mileme ndi mavu. Bokosi lisapachikidwe pamwamba pa tebulo la bwana kapena pa bedi chifukwa cha phokoso, ndipo pansi pake pakhale chitseko cha siling'i chachikulu moti fyuluta ndi bokosi la pakati zitha kusololedwa. Paipi ikaboola khoma lotchinga moto pamafunika fire damper, kachitseko ka m'paipi kotseka kokha moto ukabuka. Muuzeni wogulitsa kuti makinawo akukagwira ntchito pa mamita 1,050, chifukwa manambala a m'kabuku amayezedwa pa mpweya wolemera wa m'mphepete mwa nyanja.

Kachipangizo koyeza carbon dioxide, mpweya umene timatulutsa popuma, ndi kotchipa poyerekeza ndi zonsezi. Panja pamakhala pafupifupi 420 ppm (magawo 420 pa miliyoni), ndipo m'chipinda mukapitirira 1,000 ndiye kuti mpweya watsopano ukuchepa. Kakalumikizidwa ku makina, mafani amathamanga chipinda chikadzaza n'kubwerera pansi anthu akatuluka. Pa holo ya tchalitchi kapena chipinda cha maphunziro, chodzaza maola ochepa pa sabata, kachipangizo aka kakhoza kupulumutsa magetsi ambiri kuposa bokosi lenilenilo. Ngati nyumba inamangidwa kale, kabwerekeni kaye, mukasiye sabata imodzi m'chipinda chimene anthu amadandaula nacho, kenako muone ngati vutolo likufuna makina kapena kungomasula mazenera amene anamatidwa ndi penti.

Mu kontirakiti mulembedwe kuti kontirakitala adzayeza malita otuluka pa bowo lililonse inu kapena injiniya wanu muli pomwepo, adzaonetsa kuti olowa ndi otuluka akufanana, ndipo adzatsegula ndi kutseka bypass mukuona. Ndalama yomaliza idikire pepala la miyezo imeneyi. Mulembenso dzina la udindo wa munthu amene azichapa fyuluta, kangati pa mwezi m'chilimwe, ndi pamene makwerero ofikira m'siling'i azisungidwa.